Leba yokha, mtengo umodzi, BOQ kapena woyang'anira: njira iti imagwira bwino ndalama pomanga nyumba?

Nyumba zambiri zimene mumaziona zitaima pa windo levulo, udzu utamera m'zipinda, eni ake sanayambe opanda ndalama. Ndalama zinalipo, koma zinatha ntchito isanafike pomwe ankayembekezera, ndipo mutawafunsa komwe zinalowera, ambiri sangakuuzeni. Kawirikawiri vuto limayambira pa mgwirizano: akugula zipangizo ndani, akuwerenga zomwe zalowa m'khoma ndani, ndipo womanga akulandira ndalama ntchito itagwirika kapena isanagwirike.

Pano tikuyerekeza njira zinayi zomwe anthu amatsata pomanga nyumba yogona, sitolo kapena nyumba zalendi: kugula zipangizo nokha n'kulipira mmisiri leba yokha, kupereka ntchito yonse kwa kontrakitala pa mtengo umodzi, kulipira kontrakitala motsatira BOQ (chikalata chosonyeza kuchuluka ndi mtengo wa kachigawo kalikonse ka ntchito) ntchito ikayezedwa, komanso kulemba munthu woyang'anira m'malo mwanu.

Tikuziyeza ndi chiyani

Choyamba ndi mtengo. Nambala yomwe ili pa kotesheni si mtengo wa nyumba. Mtengo weniweni ndi ndalama zonse zotuluka m'thumba mpaka tsiku lolowa m'nyumbamo, kuphatikizapo thiransipoti, madzi omangira, mlonda, zipangizo zowonongeka ndi ntchito yogumula n'kuyambanso.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa anthu ake komwe mukumanga. Chachitatu ndi ntchito yomwe imatsalira inu, chifukwa njira iliyonse ili ndi chinachake choti muzichita sabata ndi sabata, ndipo mukachilekerera, njirayo imasiya kukutetezani.

Chachinayi, chomwe kwathu kuno chimaposa zinazi, ndi chakuti zinthu zikasokonekera walipira ndani. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Malata, zitsulo, penti, matailosi ndi mawaya a magetsi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zinthu zochokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira dola, nthawi zina katunduyo ali kale pa shelefu. Mgwirizano womwe sunena amene adzasenze kukwera kwa mitengo umadzathera pa mkangano.

Manambala omwe njira zonse zimafuna

Simungalondoloze ndalama popanda pulani komanso mndandanda wa zipangizo. Popanda ziwirizi, mmisiri akati simenti yatha, mulibe choyankha koma kukagula ina.

Tiyerekeze nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi. Silabu yake ndi masikweya mita 90. Ikakhala yochindikala masentimita 10, konkire yake ndi makyubiki mita 9. Mukasakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale, kyubiki mita imodzi imadya matumba pafupifupi 6 a makilogalamu 50, ndiye kuti silabu yonse ndi matumba 54 kapena kuposerapo pang'ono. Wina akapempha matumba 80, afotokoze. Akagwiritsa ntchito 35, pamenepo ndiye mude nkhawa kwambiri, chifukwa pansi pamenepo padzayamba kufumbuka.

Makoma akunja ndi mamita 38 kuzungulira. Tiike am'kati mamita 25, onse pamodzi 63. Pa msinkhu wa mamita 2.7 ndi masikweya mita 170, ndipo tikachotsapo 25 a zitseko ndi mawindo patsala 145. Mabuloko a masentimita 40 ndi 20 amalowa 12.5 pa sikweya mita, ndiye kuti mukufuna 1,810, kapena 1,900 powerengera osweka. Dothi lomangira ndi la pulasitala, thumba limodzi limayenda ndi mawilibala atatu a mchenga, osasefukira, ndipo pa pulasitala thumbalo limakuta masikweya mita 10 mpaka 12. Makoma athuwa, mbali zonse ziwiri, ndi matumba 24 mpaka 29 ngati ali owongoka. Khoma lopindika limadya pulasitala wochindikala, ndipo apa ndi pomwe njerwa zotchipa zapauvuni zimabwezera: njerwa zofanana bwino 1,000 zimamangidwa ndi matumba atatu kapena anayi, pomwe zosiyana misinkhu zimatha kudya kawiri.

Pa bajeti musaiwale zomwe sizioneka pa chithunzi cha nyumba: chiphaso cha pulani ku khonsolo, kulumikiza magetsi a ESCOM ndi madzi, sepitiki thanki, ngalande zamadzi amvula, mpanda. Dziwaninso kuti kumalizitsa, kutanthauza siling'i, matailosi, mapaipi, mawaya, zitseko ndi penti, kumatha kudya ndalama zofanana ndi zomwe zapita kuyambira pa fondeshoni mpaka denga. Pamwamba pa zonse ikanipo 10 mpaka 15 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndalama imeneyo musaiuze womanga.

Njira yoyamba: zipangizo zanu, mmisiri leba yokha

*Mtengo.* Pa pepala iyi ndi yotsika kuposa zonse, popeza simukulipira phindu la kontrakitala, ofesi yake kapena galimoto yake. Koma kutsikako kumadyeka mwakachetechete. Mukamagula matumba khumi lero, asanu mawa, thiransipoti imakhala yambiri, ndipo mtengo wa pikulitsa simuuona. Mmisiri yemwe sanagule simentiyo samva kuwawa dothi likaumira pansi nthawi ya nkhomaliro. Gwirizanani mtengo pa gawo lililonse: fondeshoni, silabu, windo levulo, ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), denga, pulasitala. Mulembenso kuti aganyu akuwalipira ndani, madzi akutunga ndani, matabwa a sikafodi ndi zida akubweretsa ndani. Zing'onozing'ono zimenezi ndi zomwe zimadzabwera ngati "zoonjezera" ntchito ili pakati.

Kulipira pa tsiku kusiyeni kwa ntchito zazing'ono zosayezeka, monga kukonza ming'alu. Pa nyumba yonse, malipiro a pa tsiku amapindulira wochedwa.

*Kupezeka.* Amisiri ali paliponse, kumudzi ndi m'tauni momwe. Chovuta ndi kupeza wabwino. Satifiketi ya TEVETA ndi chizindikiro chabwino, koma chachikulu n'kukaona nyumba ziwiri kapena zitatu zomwe anamanga, makamaka zomwe zapyola dzinja kangapo, n'kucheza ndi eni ake iye palibe. Afunseni ngati anamaliza yekha kapena anadzamalizitsa wina.

*Ntchito yotsalira inu.* Ndi yambiri, ndipo ndi ya tsiku ndi tsiku. Pamalo pakhale buku lolembamo tsiku, zomwe zalowa, zomwe zatuluka, amene watenga, ntchito yomwe zapita ndi zotsala. Makiyi a mosungira katundu asakhale ndi mmisiri. Madzulo alionse matumba opanda kanthu awerengedwe n'kufanana ndi omwe atuluka m'buku, kenako ang'ambidwe kapena atsekeredwe, apo ayi thumba limodzi lidzawerengedwa katatu. Loweruka lililonse yezani khoma lomwe lakwera, muone ngati simenti yomwe yatha ikugwirizana nalo.

Katundu alandiridwe ndi muyeso, osati ndi maso. Lole ya mchenga ikafika, isanakhuthule, salazani pamwamba ndi shovelo, yezani litali, lifupi ndi kuzama kwa mchengawo, muchulukitse. Lole ya matani 7 imanyamula makyubiki mita anayi kapena asanu basi, ngakhale dalaivala anene zotani. Njerwa ziwerengedwe zitasanjidwa, osati zitaunjikidwa. Zitsulo za Y12, zija zochindikala mamilimita 12, zimabwera zotalika mamita 12. Pa malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, ndiye 28 ndi lochindikala kuposa 30, ndipo lata la IBR likakhomedwa limakuta masentimita 68.6 okha m'lifupi, osati kukula kwake konse.

Simenti isanjidwe pa matabwa, osati pansi, motalikirana ndi khoma, matumba osapitirira khumi kukwera m'mwamba. Ikakhala kupyola miyezi itatu imayamba kutha mphamvu, ndipo nthawi ya mvula imachita miyala msanga. Kugula matumba 200 nthawi imodzi pothawa kukwera mtengo n'kwanzeru pokhapokha ngati ntchito yake ilipo m'masabata akubwerawa.

*Zoopsa.* Zonse zili pa inu. Mitengo ikakwera, ndi inu. Simenti ikatuluka pa mpanda usiku, ndi inu. Khoma likapindika, leba mwina mmisiri angabwereze ulere, koma simenti ndi mchenga mugulanso nokha. Palinso chizolowezi choti mmisiri amakulozerani ku hadiweya inayake komwe ali ndi kangachepe kake. Funsani mitengo m'masitolo atatu musanamvere.

Choopsa chachikulu ndi adivansi. Mmisiri akalandira ndalama zoposa ntchito yomwe wagwira, chotsala kwa iye ndi kugwira ntchito yaulere, ndipo akapeza ganyu kwina amapita. Womutsatira amadula mtengo chifukwa akukonza za wina. Lamulo lake n'losavuta: ndalama zizitsatira ntchito pambuyo. Perekani pang'ono poyambira kuti aganyu adye, lipirani gawo likatha ndipo mwaliyendera, ndipo pa gawo lililonse sungani 10 peresenti mpaka nyumba ithe.

Njira yachiwiri: kontrakitala pa mtengo umodzi

*Mtengo.* Ndi wokwera poyerekeza ndi leba yokha, chifukwa muli phindu lake, zoyendetsera kampani, msonkho wa VAT ngati analembetsa, komanso ndalama yomwe wabisamo podziteteza ku kukwera kwa mitengo. Chomwe mukugula ndi mtendere woti kuba, kuwononga ndi kubwereza ntchito zili pa iye. Tengani makotesheni atatu, onse awerengere pa pulani imodzi ndi mndandanda umodzi wa zipangizo. Wina akatsika kwambiri kuposa anzake awiri, kawirikawiri pali chomwe wasiya, kapena akudalira kudzakweza ntchito ili pakati inu mulibe kothawira.

*Kupezeka.* M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba makontrakitala ndi ambiri. Enieni amakhala ndi satifiketi ya bungwe loona za zomangamanga lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC, ndipo amaikidwa m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito yomwe angaigwire. Onani satifiketiyo, ndipo muone ngati ili ya chaka chino. Kumadera akutali amaonjezera mtengo wosamutsa anthu ndi zida, moti pa nyumba yaing'ono njirayi imatha kusapindula.

*Ntchito yotsalira inu.* Yambiri imachitika musanasainirane. Mawu oti "kukhoma denga la malata" sakwanira. Palembedwe geji, mtundu wa lata, kukula kwa matabwa, ngati ali othira mankhwala a chiswe, ndi mpata wa pakati pa matabwawo. Chimodzimodzi simenti, kuti ndi ya mphamvu ya 32.5 kapena 42.5 ndipo ipita pati. Zitsulo zingati mu ring beam. Matailosi a mtengo wanji pa sikweya mita. Penti makoti angati. Chilichonse chomwe simunalembe, kontrakitala adzasankha chotchipa, ndipo sadzakhala atalakwa.

Ntchito ikayamba simukuwerenganso matumba, koma muyenera kufika pamalo chinthu chisanakwiriridwe: ngalande za fondeshoni konkire isanathiridwe, mankhwala a chiswe ndi pepala lakuda silabu isanathiridwe, zitsulo zisanamizidwe mu konkire, matabwa a denga malata asanakhomedwe, mapaipi ndi makondyuti (mapaipi odutsamo mawaya a magetsi) pulasitala asanaikidwe. Mukaphonya nthawi zimenezi, chotsala n'kukhulupirira mawu ake.

Kusintha kulikonse kulembedwe ndi mtengo wake ntchito isanagwiridwe. Ndalama zambiri pa njirayi zimathera pa mawu onenedwa mongodutsa, monga "windo ili likulitseni pang'ono" kapena "apa tiikepo soketi ina". Kontrakitala amavomera mwaulemu, bilu n'kudzabwera kumapeto pa mtengo womwe simunakambirane.

*Zoopsa.* Popeza mtengo sungakwere, phindu lake amalipeza pochepetsa zomwe zikulowa: Y10 m'malo mwa Y12, geji 30 m'malo mwa 28, mawilibala anayi pa thumba m'malo mwa atatu. Adivansi yanu imathanso kukamalizira ntchito ya munthu wina. Ndipo mtengo wosasintha wa mu kwacha pa ntchito ya chaka chathunthu ndi lonjezo lomwe ochepa angalisunge. Mitengo ikalumpha, amabwera kudzadandaula kapena amangochotsa anthu pamalo.

Pali njira ziwiri zotsekera mpata umenewu. Yoyamba n'kuti adivansi igule malata, zitsulo ndi mafelemu nthawi yomweyo, katunduyo afike pamalo panu ndipo alembedwe kuti ndi wanu. Yachiwiri n'kulemba mu mgwirizano mitengo ya lero ya simenti, zitsulo ndi malata, ndi kuchuluka kwake, kuti ikakwera mudzalipire kusiyana kokhako poonetsa malisiti, ndipo kuchedwa kukakhala kwa iye, kusiyanako n'kwake. Pa malipiro alionse sungani 5 mpaka 10 peresenti. Theka lake amalandira popereka makiyi, lotsalalo pakatha miyezi 6 mpaka 12. Onetsetsani kuti nthawi imeneyi ikudutsa dzinja limodzi, chifukwa denga lodontha silidziwika mu Ogasiti.

Njira yachitatu: BOQ ndi kulipira zomwe zayezedwa

BOQ ndi chikalata chomwe chimaphwanya nyumba yonse m'tizigawo, chilichonse ndi kuchuluka kwake: makyubiki mita okumba, masikweya mita a khoma, makilogalamu a zitsulo. Amachilemba ndi katswiri wowerengera zomanga, yemwe pa ntchito amangomutchula kuti QS. Makontrakitala amaika mitengo yawo pa mzere uliwonse, ndipo amalipidwa pa ntchito yomwe yagwirikadi.

*Mtengo.* Pa mtengo wa kontrakitala mukuonjezerapo malipiro a QS, omwe amatha kukhala peresenti ya ntchito yonse kapena ndalama yongogwirizana. Pa nyumba ya zipinda ziwiri zimenezi n'zolemera. Pa nyumba yosanja, sukulu, tchalitchi kapena mafulati angapo, ndalama yomwe amapulumutsa pa kusintha kumodzi kokha imatha kubweza malipiro ake. Mungathenso kumulemba kuti akukonzereni BOQ ndi mndandanda wa zipangizo basi, n'kukagwiritsa ntchito pa njira yoyamba kapena yachinayi. Mwa ndalama zonse zomwe munthu amalipira njerwa isanaikidwe, iyi ndi imodzi mwa zopindulitsa kwambiri.

*Kupezeka.* Ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Maphunziro ake amaperekedwa ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ndipo ovomerezeka amalembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors. Mukamanga kutali, mudzalipira ulendo wake nthawi iliyonse yoyeza.

*Ntchito yotsalira inu.* Ndi yochepa koma yofuna kuwerenga. Mwezi uliwonse QS amayeza ntchito n'kulemba chikalata cha ndalama zoyenera kulipidwa. Inu musamangoyang'ana nambala ya mwezi umenewo. Pemphani manambala anayi: mtengo womwe munagwirizana, zomwe zalipidwa, zosintha zomwe zavomerezedwa, ndi mtengo womwe ntchito ikuyembekezeka kudzathera. Yomalizayi ndi yomwe imakuchenjezani nthawi ikadalipo yochepetsa matailosi kapena kuimitsa mpanda.

*Zoopsa.* Mtengo womaliza sudziwika mpaka kumapeto. Mukakumba n'kupeza thanthwe, madzi kapena dothi lamakande lofuna fondeshoni yozama, kuchuluka kumakwera ndipo mumalipira. Mizere yongoyerekeza, monga ya magetsi kapena khitchini, ikachuluka, BOQ imaoneka yotsika mwachinyengo. Makontrakitala ena amakweza mitengo ya ntchito zoyambirira n'kutsitsa ya zomalizira, kuti atenge phindu lonse nyumba ikadali pa silabu; QS wabwino amaziona poyerekeza makotesheni. QS akhale wolembedwa ndi inu, osati wobwera ndi kontrakitala. Ndipo mitengo ya mu BOQ imakalamba: ya chaka chatha ndi yothandiza pa kuchuluka kwa zipangizo kokha.

Njira yachinayi: woyang'anira wolipidwa

Iyi ndi njira yoyamba ija, koma maso anu mwawapereka kwa munthu wina. Ndi yomwe ambiri okhala ku Joni, ku Britain kapena ogwira ntchito m'boma lina amaitsata, ngakhale kawirikawiri woyang'anirayo amakhala mlamu kapena mphwawo yemwe sadziwa kusiyana kwa Y10 ndi Y12.

*Mtengo.* Zipangizo ndi leba monga poyamba, kuonjezerapo malipiro ake. Musamulipire peresenti ya ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito, chifukwa pamenepo kuwononga kumamupindulira. Malipiro a pamwezi okhaokha nawo amapindulira kuchedwa. Chabwino ndi ndalama yodziwika pa gawo lililonse, kapena ya pamwezi yochepa ndi ina yolandira gawo likatha pa nthawi yake. M'bale nayenso mumulipire poyera. Wogwira ntchito yaulere kwa miyezi isanu ndi umodzi amadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona kuti waba.

*Kupezeka.* Akapitawo omwe anagwirapo m'makampani omanga ndi achinyamata omwe anaphunzira zomanga m'makoleji aluso amapezeka m'maboma ambiri. Asakhale mnzake wa mmisiri, ndipo asakhale yemwe wakupezerani mmisiriyo.

*Ntchito yotsalira inu.* Gawani ntchito kuti munthu mmodzi asagwire zonse. Mmisiri anene zomwe zikufunika, woyang'anira afananize ndi mndandanda n'kutenga kotesheni, inu mulipire ku hadiweya mwachindunji kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba, katundu akafika alembedwe m'buku. Ndalama zodutsa m'manja zikhale za madzi, mchenga ndi aganyu zokha. Tsegulani akaunti ya nyumbayo payokha kuti isasakanikirane ndi fizi ndi za maliro.

Sabata iliyonse mulandire tsamba la buku lija, malisiti, ndi zithunzi zojambulidwa pa ngodya zomwezomwezo, mtengo kapena nyumba yoyandikana nayo ikuoneka. Kuimba kwa vidiyo pa WhatsApp mosapangana tsiku, munthuyo akuyenda kuchokera pa msewu mpaka m'zipinda ndi mosungira katundu, kumaulula zambiri kuposa zithunzi makumi awiri. Manambala onse muziwasunga pa Excel kapena m'kope, gawo lililonse ndi bajeti yake, zomwe zapita ndi zotsala. Pa magawo akuluakulu, monga zitsulo zisanathiridwe konkire, tumizani munthu wachitatu wodziwa ntchito akaone.

*Zoopsa.* Woyang'anira ndi mmisiri akagwirizana, mumalipira awiri kuti akubereni. Malisiti olembedwa pamanja ndi osavuta kupeza, n'chifukwa chake kuimbira sitoloyo nokha n'kofunika. Kwa achibale vuto lina ndi ulemu: kupempha malisiti kwa amalume kumaoneka ngati kuwanyoza, ndiye anthu amangokhala chete ndalama zikupita. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani dongosolo lonse ntchito isanayambe, kuti lisadzaoneke ngati kukayikira munthu. Ndipo musanatumize ndalama ya thumba loyamba, onani kuti mapepala a malowo ali m'dzina la ndani.

Ngati ndalama zikubwera pang'onopang'ono

Njira yoyamba ndi yachinayi zimalola kuima, pomwe makontrakitala amalipiritsa mukawaimitsa. Koma si paliponse poyenera kuimira. Pa silabu ndi pabwino, denga litakhomedwa ndi pabwinonso. Pakati pa ziwirizi, makoma osafoleredwa amamwa mvula dzinja lonse, ndipo matabwa a denga osiyidwa padzuwa amapindika. Ndi bwino kudikira miyezi ingapo pa silabu mpaka ndalama ya makoma ndi denga ikwanire pamodzi. Podikirapo sungani ndalama m'zinthu zosawonongeka, monga malata, zitsulo, mafelemu ndi mabuloko, ngati muli ndi powasunga potetezeka. Simenti, penti ndi matabwa musagule nthawi yake isanakwane. Mchenga ndi miyala tutani mvula isanayambe, misewu ya kumapoloti isanakane malole.

Ndiye musankhe iti

Ngati nyumba ndi yaing'ono, yopanda chosanja, mukukhala pafupi ndipo inu kapena akunyumba kwanu mutha kufika pamalo m'mawa ndi madzulo, tengani leba yokha. Lipirani munthu wodziwa akuwerengereni zipangizo kaye, ndipo buku lija lisadumphe tsiku. Ngati mumatha kufika Loweruka lokha, musadzinamize kuti muli pa njira yoyamba, lembani woyang'anira.

Ngati ndalama zonse zilipo, mwina za ngongole ya ku banki kapena za penshoni, pulani yatha ndipo simusintha maganizo, mtengo umodzi ndi wokuyenerani, makamaka pa ntchito yotha m'miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ngati mukudziwa kuti mumakonda kusintha zinthu mukaziona zitamangidwa, njirayi idzakudulirani kuposa zonse.

Nyumba yosanja, mafulati, malo ogona alendo, kapena chilichonse chomangidwa ndi ndalama za gulu monga mpingo, sukulu kapena bungwe, chipite pa BOQ ndi QS, pamodzi ndi injiniya woona za zitsulo ndi konkire. Pa ndalama za gulu mudzafunika kuonetsa anthu komwe tambala iliyonse yapita, ndipo zikalata za mwezi ndi mwezi zimakuyankhirani. Pa zomanga za boma ndi zamalonda kumbukiraninso kuti malamulo a 2018 amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni, choncho bajeti iwerengedwe pa mabuloko kuyambira pachiyambi.

Okhala kunja omwe amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi atenge woyang'anira wolipidwa, azilipira okha ku hadiweya, ndipo azimanga gawo limodzi n'kulitseka asanayambe lina. Omwe asonkhanitsa ndalama yokwanira gawo lalikulu angachite bwino kupereka chigoba chonse, kuyambira fondeshoni mpaka denga, kwa kontrakitala pa mtengo umodzi, QS kapena kapitawo wodziimira payekha n'kumayendera ndalama isanatuluke, kenako matailosi, penti ndi zitseko n'kudzagula okha akabwera kutchuthi, amisiri ake n'kuwalipira leba yokha.